Nsato ya alamu anga ndi mafunso amene wogulitsa sanafunse

Kanthu ka m'bokosi la nsapato

Alamu anga anagula nsato ija ili kamwana kosakwana masentimita 60, ndipo anabwera nako kunyumba m'bokosi la nsapato loboola timabowo pachivundikiro. Inali nsato ya ku Burma, ya mtundu wachikasu wosakanizika ndi zoyera umene oweta njoka amaukonda kwambiri. Tsiku limene anandionetsa, kanadzikulunga padzanja langa ngati chibangili, ndipo ine ndinaseka n'kunena kuti kanthu kokongola chotere sikangapweteke munthu. Wogulitsa anangolandira ndalama zake basi. Sanafunse ngati m'nyumbamo muli chipinda chokwanira njoka ya mamita anayi, sanafunse ngati muli mwana, ndipo sanatchule n'komwe kuti chimene akugulitsacho chimatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 20.

Achemwali anga sanagwirizane nazo kuyambira pachiyambi, koma ine ndi amene ndinaikira alamu kumbuyo. Ndinkanena kuti munthu wamkulu ali ndi ufulu woweta chimene mtima wake wakonda, kuti agalu amaluma ndi kupha anthu ochuluka zedi chaka chilichonse kuposa njoka zoweta, ndiponso kuti mantha amene anthu amachita ndi njoka ndi ongotengera kwa ena. Mfundo ya agaluyo ndi yoona mpaka lero, ndipo sindikuibweza. Komanso alamu sanali munthu wachibwana. Ankawerenga za njoka usiku ndi usana, ankayeza kutentha kwa khola m'mawa ndi madzulo, ankalemba m'kope tsiku limene njoka yadya ndi tsiku limene yafundula. Chisamaliro chimenecho ndi chimene chinaikulitsa mofulumira. Chaka choyamba chisanathe inali itafika mamita awiri, makoswe anasiya kuikwanira n'kuyamba kudya akalulu, ndipo pofika chaka chachisanu chipinda chimene chinali cha alendo chinali chitasanduka chake.

Masana a beseni la madzi

Ndinapita kwawo masana ena kukabweza makwerero amene ndinabwereka. Achemwali anali atachoka, ndipo m'nyumbamo munali alamu ndi mwana wawo wamkazi wa zaka zinayi. Ndili pabalaza ndinamva akuitana kuti, "Alamu, tabwerani." Sanakuwe ayi, ndipo n'chifukwa chake sindinathamange, ndinayamba ndatsamiritsa makwerero kukhoma bwinobwino, kenako n'kulowera kuchipinda kuja.

Ndinawapeza atagwada pakhomo la khola, beseni la madzi litagubuduka pansi. Nsato inali itawaluma pamkono wamanja chakufupi ndi chikhatho, itapinda nkhata ziwiri kuzungulira mkonowo, ndipo yachitatu inali ikukwera paphewa kulowera pachifuwa. Chimene chinandidabwitsa choyamba ndi bata limene linali m'chipindamo. Ndinkaganiza kuti zinthu zotere zimachitika ndi chiphokoso komanso kuphiriphitha, koma njoka inangoti duu, ikufinya, ndipo alamu akatulutsa mpweya ndinkaona thupi lake likumangika pang'ono kuposa poyamba.

Ndinachita chimene munthu aliyense wosadziwa akanachita, ndinagwira mutu n'kuyamba kukoka. Alamu anabuula n'kunena kuti, "Musakoke mutu, mung'amba mtsempha. Yambirani kumchira." Mano a nsato ndi opindikira kumbuyo ngati mbedza, motero ukamakoka ndiye kuti ukuthandiza manowo kulowa ndi kung'amba. Ndinafufuza mchira kuseri kwa msana wawo n'kuyamba kumasula. Amene sanagwirepo nsato yaikulu sangamvetse ntchito imeneyi. Pakati pake inali yonenepa kuposa ntchafu yanga, thupi lonse ndi mnofu wokhawokha wolimba, ndipo ndikamasula nkhata imodzi mchira unkafunafuna mwendo wanga kuti ugwirepo. Ndinamasula ya pachifuwa ija, koma kuti ndiigwirebe isabwerere ndinafunika manja onse awiri ndi bondo.

Pamenepo alamu anandiuza kuti pawindo la kubafa pali kabotolo ka spiriti, ndipo kadontho kake pakamwa pa njoka kamaichititsa kulekerera. Chala chawo chachikulu chinali chitayamba kuda. Kuti ndikatenge botololo ndinayenera kusiya mchira, ndipo ndikanausiya nkhata ija ikanabwerera pachifuwa ine ndisanafike n'komwe kubafa. Tinali anthu akuluakulu awiri, koma ntchitoyo inkafuna atatu.

Ndinatembenuka kuti ndione kutalika kwa mtunda, ndipo pakhomo panali pataima mwana uja, atanyamula kapu yake ya pulasitiki, akutiyang'ana ngati tikusewera. Anafunsa kuti, "Amalume, adadi akutani?" Ndinamutuma. Ndinayankhula mofatsa monga mmene ndingathere, kuti, "Mama, pita kubafa ukatenge kabotolo ka pawindo, koma usalowe muno, ukagubuduze pansi kuchokera pakhomopo." Anapita, anakwera penapake kuti afikire windo, anabwera nako, n'kukagubuduza monga ndinamuuzira. Kanaima pafupi ndi bondo la bambo ake, iwo n'kukatsegula ndi mano ndi dzanja lamanzere. Patapita kanthawi kochepa njoka inatsegula kukamwa, inabwerera m'khola pang'onopang'ono, n'kukadzipinda pakona yake yofunda ngati palibe chachitika.

Zonsezi sindikhulupirira kuti zinapitirira mphindi zisanu. Papita zaka, koma chimene chimandidzutsabe usiku ndi chakuti ndinatuma mwana wa zaka zinayi kuti ayandikire khomo la chipinda chimene munali nsato ya mamita anayi yotseguliridwa, imene panthawiyo inkaganiza za chakudya chokha, ndipo ndinatero chifukwa panalibe wina woti ndimutume.

Njokayo sinalakwe

M'mawa wa tsikulo alamu anali atagwira akalulu oti adyetse njokayo madzulo, ndipo anaiwala kusamba m'manja asanakasinthe madzi. Kuiwala kwawo kunali kumeneko kokha pa zaka zisanu. Nsato imanunkhiza ndi lilime, ndipo pamilomo pake pali timaenje timene timamva kutentha kwa thupi la nyama. Chinthu chofunda, chonunkhira kalulu, chikalowa m'khola, thupi lake limayankha lisanafunse kuti dzanjali ndi la yani. Njoka yotere imazolowera kugwiridwa, inde, koma kuzolowera kumeneko sikufanana ndi kwa galu amene amadziwa mbuye wake.

Ndinadzawerenga pambuyo pake kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2015, wochitidwa pa njoka za mtundu wa boa, amene anasonyeza kuti njoka zofinya zimapha poimitsa kayendedwe ka magazi, ndipo zimenezi zimachitika mofulumira kuposa kubanika kumene anthu ankaganizira kale. Nditawerenga ndinamvetsa tanthauzo la chala chakuda chija, ndiponso chimene chikanachitika nkhata yachitatu ikanafika pakhosi. Oweta odziwa ntchito yawo ali ndi lamulo lawolawo lakuti njoka ikapitirira mamita awiri ndi theka usaitsegulire uli wekha. Alamu ankalidziwa lamuloli, ndipo ankaliphwanya sabata iliyonse, chifukwa palibe munthu angaitane mnansi nthawi zonse pamene akufuna kungosintha madzi a m'beseni.

Amene sanafunsidwe

Mfundo yanga yakale ya ufulu inali ndi bowo limene sindinkaliona. Ndinkayankhula ngati kuti ngoziyo imagwera mwini njoka yekha, amene anaisankha ndi maso ake otsegula. Koma m'chipinda muja munali anthu atatu, ndipo awiri mwa ife sitinasankhe kanthu.

Mu Ogasiti 2013, mumzinda wa Campbellton m'chigawo cha New Brunswick ku Canada, ana awiri apachibale, wina wa zaka zinayi wina wa zaka zisanu ndi chimodzi, anakagona kwa mnzawo m'nyumba ya pamwamba pa sitolo yogulitsa ziweto. Usiku nsato ya ku Africa yolemera makilogalamu pafupifupi 45 inatuluka m'khola lake kudzera m'paipi yolowetsa mpweya, denga linathyoka chifukwa cha kulemera kwake, ndipo inagwera m'chipinda chimene anawo anagona. Onse awiri anamwalira. Mwini wake anazengedwa mlandu ndipo mu 2016 khoti linamupeza wosalakwa. Sindikutchula nkhaniyi kuti ndimuweruze munthuyo. Chimene chimandigwira mtima ndi paipi ija, chifukwa paipi ndi chinthu chimene mwini nyumba amachiona tsiku lililonse mpaka kusiya kuchiona, pamene woyendera wochokera kunja, wodziwa kuti nsato imakwera ndi kukankha chilichonse chosakhomedwa, akanachiloza pa ulendo woyamba.

Njoka zaululu zimafutukula vutoli kufika kwa anthu amene sakudziwa n'komwe kuti m'nyumba yoyandikana nayo muli chiyani. Mu Ogasiti 2019, mumzinda wa Herne ku Germany, njoka ya mtundu wa cobra inapezeka ikuyenda m'nyumba yogonamo mabanja ambiri, ndipo anthu pafupifupi 30 anasamutsidwa kwa masiku angapo mpaka itagwidwa. Chigawo cha North Rhine-Westphalia, kumene kuli mzindawu, chinakhazikitsa lamulo limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2021, loletsa anthu wamba kugula nyama zaululu woopsa, ndipo amene anali nazo kale analamulidwa kuzilembetsa ndi kukhala ndi inshuwalansi. Apa pali chinanso. Mankhwala othetsa ululu amapangidwa motsatira mitundu ya njoka, ndipo chipatala sichisunga mankhwala a njoka ya kutsidya kwa nyanja imene sipezeka m'dzikomo. Woweta akalumidwa, kawirikawiri madokotala amakapempha kumalo osungirako nyama, n'kutenga mankhwala amene anasungidwira antchito a kumeneko.

Malamulo amene amaphonya

Nditayamba kuwerenga malamulo a maiko osiyanasiyana ndinkayembekeza kupeza limodzi loti ndingaliloze n'kunena kuti ili ndiye lamulo. Ndinapeza kuti ambiri analembedwa ngozi itachitika kale, ndipo lililonse limaoneka ngati ngozi imene inalibala.

Ku Britain kuli lamulo la 1976 la nyama zakutchire zoopsa, ndipo kalembedwe kake n'kanzeru: wofuna kuweta amapempha chiphaso ku khonsolo, dokotala wa ziweto amabwera kudzaona khola, ndipo pamafunika inshuwalansi. Pamndandanda wake pali ng'ona ndi njoka zaululu woopsa, koma nsato zikuluzikulu palibe. Alamu anga akanakhala kumeneko, njoka yawo ya mamita anayi sikanafuna chiphaso chimenecho. Ku Ohio, ku America, lamulo linabwera mu 2012, munthu wina wa ku Zanesville atatsegulira mikango, akambuku ndi zimbalangondo zake mu Okutobala 2011, apolisi n'kuwombera nyama pafupifupi 50. Lamulolo linaikamo nsato ndi anaconda, njoka inanso yaikulu yofinya, koma zokhazo zimene zafika mafiti 12, omwe ndi mamita pafupifupi 3.7. Ndimamvetsa chimene ankafuna, koma malire otere amachititsa kuti boma lifike mochedwa zaka zinayi, munthu atakonda kale chiweto chake, komanso chingwe choyezera chili m'manja mwa mwini wake. Amene anayesapo kuwongola nsato yamoyo kuti aiyeze akudziwa kuti utali wake umakhala umene woyezayo akufuna.

Ku Florida, ku America komweko, nkhani yake inapitirira ya makola. Nsato za ku Burma zimene zinathawa kapena kutayidwa ndi ozitopa zinaswana m'madambo a Everglades, ndipo kafukufuku wa mu 2012 anapeza kuti tinyama totchedwa raccoon ndi opossum tinachepa ndi pafupifupi 99 pa 100 alionse m'madera amene nsato zinakhazikika, pamene akalulu sanaonekenso. Chaka chomwecho boma la America linaletsa kulowetsa nsato za ku Burma m'dzikolo, koma zinali zitachedwa. Pampikisano woyamba wosaka nsato mu 2013, anthu oposa 1,500 anangogwira njoka 68. Mu Julayi 2023 kunagwidwa ina yotalika mamita 5.79. Makolo a njoka zimenezi analowa m'dzikomo ali tiana tokwanira m'bokosi la nsapato.

Munthu akamva zimenezi amafulumira kunena kuti aletse zonse, ndipo kwa miyezi ingapo nanenso ndinkatero. Chimene chinandibweza ndi zimene zinachitika kuchipatala madzulo a tsiku lija. Namwino atafunsa chimene chawaluma, alamu anayankha kuti galu. Mayiyo anayang'anitsitsa mizere ya timabowo tating'ono topindika pamkono paja, anakhala chete pang'ono, kenako anafunsa kuti, "Bambo, galu wake ndi wamtundu wanji?" Alamu ananama chifukwa ankaopa kuti njoka yawo idzalandidwa n'kuphedwa, ndipo kumeneko kunali kunama kwa munthu amene sanaphwanye lamulo lililonse. Nanga akanakhala kuti akuphwanya, akanapita n'komwe kuchipatala? Dziko la Norway linaletsa kuweta zokwawa kuyambira mu 1977, anthu ambiri anapitiriza kuziweta mobisa, ndipo mu 2017 boma linasintha n'kulola mitundu 19 imene inaonedwa kuti ndi yotheka kuisamalira m'nyumba. Njoka yobisidwa sionedwa ndi dokotala wa ziweto, khola lake siliyenderedwa, ndipo ikathawa mwini wake amangoti zii.

Njira ya Norway yolemba mitundu yololedwa m'malo mothamangitsana ndi yoletsedwa ndimaiona kuti ndi yanzeru, ndipo chigawo cha Flanders ku Belgium chinachitanso chimodzimodzi mu 2019. Pa nyama zimene zili kunja kwa mndandanda wotere, maganizo anga tsopano ndi akuti chiphaso chizifunika munthu asanagule, potengera kukula kumene mtunduwo umafika ukakhwima, ngakhale kanthuko katakhala kakadali kokwanira pachikhatho. Woyendera aone chipinda, loko, mawindo ndi mapaipi, ndipo abwerenso chaka chilichonse. Wopempha atchule munthu wamkulu wachiwiri wokhala m'nyumba momwemo amene waphunzira kumasula nkhata. Njoka ibayidwe kachipangizo kozindikiritsa mwini wake, kuti yopezeka kutchire ikhale ndi wina woiyankhira. Ndipo m'nyumba imene muli mwana wamng'ono chiphaso chisaperekedwe, kaya khola ndi lolimba bwanji. Pamfundo iyi sindikufunanso kukambirana ndi wina aliyense. Pa njoka zaululu woopsa ndi ng'ona ndimaona kuti nyumba ya munthu wamba si malo ake. Wogulitsa nayenso asamangolandira ndalama n'kutembenuka. Iye ndi amene amadziwa bwino kuposa wogula kuti kamwanako kadzafika pati, choncho azikhala ndi mlandu akagulitsa kwa munthu wopanda chiphaso.

Kuisowera kopita

Achemwali atabwera n'kumva kuti mwana wawo ndi amene anatenga botolo, sanakalipe. Anangoti, "Musankhe," n'kutenga mwanayo kukagona naye kwa ine. Alamu anasankha banja lawo usiku womwewo, ndipo tinkaganiza kuti nkhani yatha. Apa m'pamene tinaphunzira gawo limene olemba malamulo ambiri amaliiwala.

Palibe ankafuna nsato ya mamita anayi. Malo osungirako nyama amene tinawaimbira anatiyankha mwaulemu kuti ali nazo kale zokwanira ndipo anthu amawapempha zomwezo kawirikawiri. Anthu a pa intaneti amene anaifuna anali anyamata osangalala ndi kukula kwake, ena okhala m'chipinda chimodzi, ndipo alamu atacheza nawo ankaona nkhope yawo yomwe ya zaka zisanu zapitazo. Mnzawo wina anawalangiza kuti angopita nayo kutali usiku n'kukaitsegulira kumtsinje. Ananena zimenezi mosachita manyazi, ngati malangizo achifundo, ndipo ndikukhulupirira kuti umu ndi mmene nsato zina za ku Everglades zinayambira. Ku Florida kuli dongosolo lolola munthu kupereka chiweto chachilendo chimene watopa nacho popanda kulipitsidwa kapena kufunsidwa mafunso, ndipo amachipezera woweta wina woyesedwa kale. Lamulo loletsa limene lilibe khomo lotulukira ngati limenelo limangokankhira anthu kumtsinje.

Tinafunafuna kwa miyezi 11. Nthawi yonseyo chitseko cha chipinda chija chinali ndi maloko awiri, ndipo Loweruka lililonse ndinkapita kukaima pambali pa alamu pamene akusintha madzi, botolo la spiriti lili m'thumba langa, mwana ali kunja kwa nyumba. Potsiriza anapezeka bambo wina wachikulire wosunga zokwawa zimene eni ake alephera, wokhala ndi antchito awiri ndi zipinda zomangidwira ntchito yomweyo. Asanavomere anafunsa alamu mafunso kwa ola lathunthu, za zaka za njokayo, za kadyedwe kake, za tsiku limene inaluma ndi chimene chinali m'manja mwawo m'mawa wake.

Tinainyamula anthu anayi kuilowetsa m'bokosi lamatabwa lalitali ngati bedi. Alamu anapereka kope lawo lija, lolembedwa chakudya chilichonse ndi kufundula kulikonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo galimoto itanyamuka analowa m'nyumba osayankhula ndi munthu. Zala ziwiri za dzanja lawo lamanja sizimvabe bwino kukazizira. Mwana uja tsopano ndi wamkulu ndithu, chipinda chija ndi chake, ndipo tsiku lina nditamufunsa ngati amakumbukira masana aja, anandiuza kuti amangokumbukira kuti anakwera pachidebe kuti afikire windo ndipo ankaopa kuti amayi ake amukalipira.